Akufuna sisitema iyesedwe ndi anthu 100,000 nthawi imodzi, zimatheka? Nanga zimadya zingati?

Mphwanu_wa_Ulongue:

Moni akuluakulu nonse. Pali nkhani yandizunguza mutu nde ndati ndifunse kuno poti ena mwa inu mwagwirapo m'makampani akuluakulu.

Ine ndi mnzanga tikupangira sisitema bungwe lina logula mbewu kwa alimi kuno ku Angónia, Tsangano ndi mbali ina ya Macanga. Soya, nyemba, chimanga. Mlimi akafika ndi matumba ake pa sikelo, kalaliki amalemba makilo pa foni, sisitema imawerengera ndalama, mlimi amalandira SMS, kenako malipiro amapita pa M-Pesa kapena e-Mola. Mlimi athanso kudina USSD kuti aone kuti bungwe lili naye ngongole zingati. Zonsezi zikuyenda bwinobwino pa laputopu yanga komanso pa kaseva kakang'ono komwe tikulipira pamwezi.

Vuto lili pa kontirakiti. Amene analemba pepalalo, sindikudziwa ngati ndi a bungwe eni ake kapena consultor wawo, anaikamo mzere woti tisanalandire gawo lomaliza la ndalama tionetse kuti sisitema yayesedwa ndi anthu 100,000 akuigwiritsa ntchito nthawi imodzi, komanso kuti ilibe cholakwika chilichonse. Chilichonse eti. Ndalama ya mayeso amenewa sanaiike padera, akuti ili momwemo. Alimi amene akuyembekeza kuwalembetsa m'zaka zikubwerazi ndiwo 100,000 amenewo, panopa sanafike ndi theka lomwe.

Nde ndikufunsa, kodi zimenezi zimatheka kwa anthu awiri ngati ife? Anthu 100,000 ndiwatenga kuti, mafoni 100,000 ndiwatenga kuti? Ndamva kuti pali mapulogalamu onamizira anthu koma kodi safuna maseva ambirimbiri oti ndalama yonse ya ntchitoyi ithere komweko? Komanso ndikungofuna kudziwa, a Google kapena a Facebook amayesadi ndi anthu onse asanatulutse chinthu, kapena nafenso akungotiopseza? Mnzanga akuti tingolemba lipoti lokongola tisayine, palibe amene adzafufuze. Ine mtima ukukana chifukwa ndi ndalama za alimi izi, zikadzasokonekera mu Meyi anthu amadziwa kwathu.

Matundo_Dev:

Mphwanga khazika mtima pansi, nkhaniyi si yoopsa mmene ikuonekera, koma mnzakoyo umuletse zolemba lipoti labodza.

Choyamba anthu 100,000 olembetsa si anthu 100,000 nthawi imodzi. Mudzi ukhoza kukhala ndi anthu mazanamazana koma pa mjigo pamaima ochepa, ndipo funso lenileni ndi loti m'mamawa pamene aliyense akufuna madzi mzere umatalika bwanji. Tenga pepala tiwerenge. Tinene kuti ndi tsiku lamalipiro, ola lotanganidwa kwambiri alimi 20,000 adina USSD kuona ndalama zawo. Ola lili ndi masekondi 3,600, nde akulowa anthu pafupifupi 6 pa sekondi. Aliyense akakhalamo mphindi imodzi, amene ali mkati nthawi imodzi ndi anthu 330 ndi kachiutsi. Aliyense akadina kasanu ndi ma request (mafunso opita ku seva) 100,000 pa ola, pafupifupi 28 pa sekondi. Zimenezo seva wamba imanyamula ngati code ndi database (nkhokwe yosungira zolembedwa zonse) zili bwino. Manambala 20,000 ndi mphindi imodzi ndangoyerekeza ine, iwe ufunse a bungwe kuti chaka chatha tsiku lodzaza kwambiri anagula kwa alimi angati, uyambire pamenepo.

Koma taona izi. Ukatumiza SMS kwa onse 100,000 nthawi imodzi yoti ndalama zanu zatuluka, theka la iwo nkudina mkati mwa mphindi 5, akulowa ndi anthu 167 pa sekondi ndipo mkatimo muli anthu 10,000 nthawi imodzi. Waona? Kuchoka pa 330 kufika 10,000, anthu omwewo, sisitema yomweyo, kusiyana kwake ndi mmene watumizira SMS basi. Nde chigumula chachikulu ukhoza kudzipangira wekha ndipo ukhozanso kuchiletsa wekha potumiza ma SMS m'magulumagulu, Domue m'mawa, Ulónguè masana, Tsangano mawa lake, osalipira seva ina iliyonse.

Za zida. JMeter, k6, Locust, onsewa ndi mapulogalamu onamizira anthu aja, ndipo ndi aulere. Ine ndimakonda Locust poti umalemba mu Python kuti munthu wonamizirayo achite chiyani, alowe, adikire pang'ono, afunse saldo, atuluke, nde ukangoikamo nambala iyo imachulukitsa. Makina amodzi abwino amanamizira anthu masauzande angapo. Ukafuna 100,000 enieni nthawi imodzi ubwereka makina angapo pa cloud, ndiko kuti kwa makampani obwereketsa maseva pa intaneti, AWS ili ndi malo ake ku Cape Town kuyambira 2020, Azure ili ku Johannesburg, ndipo amalipiritsa pa ola, makina apakatikati safika ndi dola imodzi pa ola. Makina 20 kwa maola atatu ndi ndalama yoti ungaitulutse m'thumba, bola ukumbukire kuwazimitsa ukamaliza kkkk, akagona mwezi wonse akuyaka udzalira.

Nde makina otumiza anthu onamizira si amene amadula. Zodula ndi zina. Ufunika seva yachiwiri yofanana ndendende ndi yeniyeni, chifukwa kuyesa pa laputopu sikukuuza kanthu. Ufunika database yodzaza, osati alimi 50 omwe uli nawo panopa, koma alimi 100,000 onamizira aliyense ali ndi malonda ake a zaka ziwiri zitatu, mizere mamiliyoni. Apa mpamene zinthu zimaonekera poyera, query (funso lopita ku database) imene imayankha nthawi yomweyo pa mizere 500 imakwawa pa mizere 5 miliyoni chifukwa palibe index (kalozera wothandiza database kupeza mzere msanga), kapena lipoti la abwana la pamwezi likamayenda china chilichonse chimaima. Kulemba script yopanga data yooneka ngati yeniyeni kumadya nthawi kuposa load test yeniyeniyo, ndiko kuti mayeso othira anthu ambiri onamizira aja. Ndipo chodula kuposa zonse ndi nthawi yako, chifukwa suyesa kamodzi, umayesa, igwe, ufufuze chagwetsa, ukonze, uyesenso, igwere pena.

China chofunika kwambiri, usayerekeze kuloza load test yako ku M-Pesa, e-Mola kapena kwa okutumizirani ma SMS. Sandbox imene amapereka ndi yoonera ngati code yako ikulankhulana nawo bwino, si yothirapo anthu 100,000. Kwa iwo zimaoneka ngati wina akuwaukira, akutsekera, ndipo ma SMS onamizira 100,000 umalipira ngati enieni. Umalemba kaseva kako konamizira M-Pesa, kamene kamayankha mochedwa dala nthawi zina, nthawi zina nkukana, nthawi zina nkungokhala chete. Kutanthauza kuti mbali imeneyo sudzaiyesa yonse pa mlingo waukulu olo utakhala ndi ndalama, ndipo zimenezo uziwauza a bungwe poyera.

Shapa_100:

Ine ndikuona ngati mukumuvutitsa mwana. Alimi athu ambiri foni amatchaja kamodzi pa masiku angapo pa sola ya neba, ena foni ndi imodzi banja lonse, rede ikumapezeka pa chulu pokha, nde 100,000 nthawi imodzi adzachokera kuti? Consultor uja anangokopa mzerewo pa kontirakiti ya banki ina. Tulutsani sisitema, ikagwa mudzutse, ndi mmene aliyense amachitira. Ndalama ya maseva oyeserawo mugule mafoni a makalaliki.

Nangozo_QA:

A Shapa_100 pa za consultor mwina mukunena zoona, koma zoti ikagwa mudzutse ayi. Ikagwa imadzuka inde, koma ikalipira munthu kawiri kapena ikataya makilo ake, kudzutsa seva sikubweza kanthu.

Ine kwathu ndi ku Tsangano koma ntchito yanga ndi yoyesa mapulogalamu ku Beira. Achimwene a Matundo afotokoza bwino za kuchuluka kwa anthu, ine ndikufuna ndikambe za mzere wachiwiri uja woti ilibe cholakwika chilichonse, chifukwa umenewo ndi umene suyenera kusayina mmene uliri. Palibe angalonjeze zimenezo. Katswiri wa makompyuta Edsger Dijkstra ananena kalekale cha m'ma 1970 kuti kuyesa kumangoonetsa kuti zolakwika zilipo, sikungaonetse kuti palibe. Ndipo si nkhani ya ulesi, ndi masamu. Sisitema ikhale ndi zinthu 30 zokha zoti inde kapena ayi, monga mlimi ali ndi ngongole ya feteleza kapena ayi, amalipidwa pa M-Pesa kapena e-Mola, foni ili pa intaneti kapena ayi, choncho choncho. Kuphatikiza kwake konse ndi 1,073,741,824. Ukamayesa kumodzi pa sekondi usana ndi usiku umaliza patatha zaka 34. Apo sitinawerengere makilo, mitengo ndi masiku.

Chimene timachita nchoti sitiyesa zonse. A NIST, bungwe la boma la America loona za miyezo, atafufuza zolakwika za mapulogalamu osiyanasiyana anapeza kuti zambiri zimayamba ndi chinthu chimodzi kapena ziwiri zikakumana, zofuna zinthu zisanu kapena zisanu ndi chimodzi pamodzi ndi zochepa kwambiri. Nde umakonza mayeso oti ziwiriziwiri zilizonse zikumane kamodzi, zinthu 30 zija zimakwana m'mayeso osafika 20. Pali kachida kaulere ka Microsoft kotchedwa PICT kamakupangira tebulo lake.

Koma kunena zoona mphwanga, chimene chidzakupweteke iwe si anthu ambiri, ndi mafoni ndi rede yakwathu. Ndikupatse zitsanzo zoti ukayese mawa lomwe. Tenga foni imodzi uiike Chipwitikizi ina Chingerezi. Pa Chipwitikizi 1.500 ndi sauzande ndi theka, pa Chingerezi ndi 1 ndi theka. Kalaliki alembe 52,5 pa makilo uone ngati sisitema yamva 52 ndi theka, kapena 525, kapena yangokana. Ndinaonapo pulogalamu ina yogulira mbewu imene inkataya kachizindikiro ka koma (,) mwakachetechete, thumba limodzi nkukhala theka la tani, ndipo inali itapambana mayeso onse chifukwa opanga ake onse mafoni awo anali pa Chingerezi. Yesanso mayina okhala ndi timizere pamwamba, Zóbuè, Ulónguè, João, uone ngati atuluka bwino pa SMS ndi pa risiti, komanso uone kuti SMS yakhala zigawo zingati poti zilembo zina zimachititsa kuti SMS imodzi inyamule zilembo 70 m'malo mwa 160, bilu nkukwera kawiri katatu osadziwa. Alimi a m'malire ngati ku Calómuè ena adzakupatsa nambala ya +265, sisitema ichita nayo chiyani?

Nde pali nkhani yodina kawiri. Kalaliki wadina Tumiza, rede yathawa, kachizungulire kakungozungulira, kumbuyo kuli mzere wa anthu ndi ngolo zawo dzuwa likuswa, iye adinanso, kenako adinanso. Seva inalandira koyamba komwe, yankho ndi limene linasochera panjira. Ngati malonda aliwonse alibe nambala yakeyake yopangidwa pa foni pomwepo, yoti seva ikaiona kachiwiri idziwe kuti iyi ndaiona kale, mlimi ameneyo walembedwa katatu. Kuyesa zimenezi sikufuna cloud, kumafuna foni imodzi ya Itel kapena Tecno yotchipa, ndi iwe kuyatsa ndi kuzimitsa data pakati pa ntchito. Zomwezonso pa malipiro, seva yako yatumiza ku M-Pesa, yankho silinabwere, kodi ndalama yapita kapena ayi? Code yako ikangoganiza kuti sinapite nkutumizanso, basi.

Komanso ganizira madzulo. Makalaliki akhala tsiku lonse kumidzi opanda rede akusunga malonda pa foni, dzuwa likamalowa onse akufika pomwe pali rede, foni iliyonse nkuyamba kukhuthula malonda mazana nthawi imodzi. Kwa ine ola loopsa la sisitema yako ndi limenelo, osati la USSD. Load test yako inamizire zimenezo.

China chaching'ono, ngati a bungwe amatulutsa malipoti pa Excel samala. Mu Okutobala 2020 ku England anataya mayina a anthu 15,841 opezeka ndi Covid kwa masiku angapo chifukwa ankagwiritsa ntchito mtundu wakale wa XLS umene umathera pa mizere 65,536, zotsalazo zinkangodulidwa popanda uthenga uliwonse. Palibe seva inagwa. Iwe alimi ako akadzafika 100,000 adzakhala atadutsa kale malire amenewo.

Mphwanu_wa_Ulongue:

Eee achemwali, za komazo ndangoyesa pompano pa foni ya mlongo wanga yomwe ili pa Chipwitikizi, kiyibodi ikutulutsa kachizindikiro ka koma, pulogalamu ikukana kupitirira osanena chifukwa. Bola ikukana kusiyana nkulemba zabodza. Zikomo kwambiri. Achimwene a Matundo masamu aja ndawamva, ndikawaonetsa a bungwe. Koma funso langa lina lija likadalipo, makampani akuluakulu amatani? Chifukwa abwana a bungwe akandifunsa kuti nanga ena amakwanitsa bwanji ndiyankhe chiyani?

Madala_a_Moatize:

Mwanawe, ine ndagwira za makompyuta zaka zambiri, poyamba ku banki kenako ku migodi kuno, nde ndikuyankhe ndi zimene zinachitikira anthu a ndalama zawo.

Pa 1 Ogasiti 2012 kampani ya ku America yotchedwa Knight Capital, yogulitsa ndi kugula masheya, inaika code yatsopano pa maseva ake. Maseva anali 8, code inafika pa 7, imodzi inatsala ndi yakale. Msika utatsegulidwa seva imodziyo inayamba kutumiza maoda mamiliyoni, mu mphindi 45 kampani inataya pafupifupi madola 440 miliyoni, chaka chotsatira inali itagulidwa ndi ena. Load test ya mtundu uliwonse sikanagwira zimenezo chifukwa vuto silinali kuchuluka kwa anthu, linali kaikidwe, komanso panalibe amene anadziwa msanga pozimitsira.

China ndi cha CrowdStrike, kampani yoteteza makompyuta, pa 19 Julayi 2024. Anatumiza kafayilo kakang'ono ku makompyuta onse a makasitomala awo nthawi imodzi, pulogalamu inkayembekeza zinthu 21 koma inapatsidwa 20, makompyuta a Windows pafupifupi 8.5 miliyoni malinga ndi a Microsoft anagwa, ndege zinaima, zipatala ndi mabanki anavutika, ndipo ambiri anafunika munthu kupita pa kompyuta iliyonse kukakonza pamanja. Iwowa anali ndi mayeso awo, ndalama anali nazo. Pambuyo pake chimene analonjeza kusintha ndi kutumiza pang'onopang'ono, kuyamba ndi makina ochepa kaye.

Nde yankho lopatsa abwana ako ndi limenelo. Akuluakuluwo sakhala ndi dziko lachiwiri la anthu onamizira loyeserapo chilichonse, zingadule kuposa bizinesi yomwe. Amayesa zimene angathe, kenako amatulutsa kwa anthu ochepa enieni, munthu mmodzi pa 100 aliyense, nkumayang'ana manambala, zikaipa abweza msanga. A Netflix anafika popanga pulogalamu yotchedwa Chaos Monkey cha m'ma 2011, ntchito yake kuzimitsa dala maseva enieni nthawi ya ntchito kuti aone ngati zina zonse zipitirira kuyenda. Iwe usachite zimenezo pa ndalama za alimi kkkk, koma maganizo ake ndi omwewo, zinthu zina zimaoneka pa sisitema yeniyeni pokha.

Apa ndisiyane pang'ono ndi a Matundo. Ine sindikanathera mphamvu zambiri pa load test ya 100,000. Ndikanayamba ndi malo amodzi ogulirapo mbewu, kalaliki azilemba pa foni komanso m'kaundula wa pepala monga kale, madzulo aliwonse muzifananiza kilo ndi kilo, metical ndi metical. Zikagwirizana kwa kanthawi muonjezere malo ena. Malipiro oyambirira asamapite okha, munthu aziona mndandanda nkuvomereza. Ndipo pakhale batani limodzi loimitsa malipiro onse limene ngakhale akaunti wa bungwe akulidziwa, osati mpaka akuimbire iwe uli ku maliro ku Furancungo kopanda rede. Pulogalamu ya makalaliki ngati ili pa Play Store, kumeneko kuli kale njira yotulutsira update kwa gawo lochepa la anthu ndi kuiimitsa ikavuta. Ukumbukirenso kuti akaunti yatsopano ya munthu payekha amafuna uyambe wayesa ndi anthu 12 kwa masiku 14 asanakulole kutulutsa poyera, usadzazindikire zimenezi soya atayamba kale kufika pa sikelo.

Komanso yesani backup. Osati kuona kuti fayilo ilipo, koma kuitenga nkudzutsira seva ina kuchokera pa zero, wotchi ili m'manja. Ndaonapo ofesi ina yomwe inkasunga backup mokhulupirika usiku uliwonse, tsiku lofunika atatsegula anapeza mafayilo onse ndi opanda kanthu.

Shapa_100:

Madala ndiye mwanena zomwe ndimanena ine, tulutsani muone.

Madala_a_Moatize:

Ayi bambo, inu munati tulutsani kwa onse. Ine ndati malo amodzi, ndi pepala pambali, ndi batani loimitsa.

Matundo_Dev:

Madala sindikutsutsa, pilot, kuyamba ndi malo amodzi kuja, ndi yofunika, koma ili ndi khungu lake. Malo amodzi okhala ndi alimi mazana angapo sadzakuonetsa query yokwawa pa mizere mamiliyoni, sadzakuonetsa ma connection a database akutha, sadzakuonetsa disk ikudzaza ndi ma log. Zimenezo zimadzabwera chaka chachiwiri pakati pa nyengo yogula, pamene simungaimitse kanthu. Nde zonse ziwiri zichitike, load test yaing'ono yanzeru ndi pilot. Ine ndikanayesa katatu kapena kanayi kuposa ola lodzaza lomwe mwawerengera, kenako nkumakweza mpaka igwe kuti mudziwe kuti imagwera pati ndipo imagwa motani, ikukana mwaulemu kapena ikutaya data. Kenako muisiye ikuyenda pa mlingo wapakati usiku wonse, pali matenda ena ngati memory yodontha amene amaoneka patatha maola ambiri. Ndipo osamayang'ana average, imanamiza. Yang'ana kuti mwa ma request 100 aliwonse, 5 ochedwetsetsa akutenga nthawi yanji, chifukwa USSD siyidikira, ukachedwa kuyankha session imaduka munthu nkuyambiranso, nkuonjezeranso katundu pa seva yomwe yatopa kale.

Za akuluakulu ndionjezere pang'ono poti wafunsa mtengo. A Google analemba mu 2016 kuti code yawo yambiri ili malo amodzi, mizere pafupifupi 2 biliyoni, ndipo ngakhale iwo ndi makina onse ali nawo sangayendetse mayeso onse pa kusintha kulikonse, amasankha okhudzidwa okha ndipo ena amawaunjika nkuyendetsa pamodzi. Ananenanso kuti pafupifupi 16 peresenti ya mayeso awo amakhala ndi kakhalidwe kopambana lero nkulephera mawa code isanasinthe. Tangoganiza, mayeso akachuluka nawonso amasanduka sisitema yofuna anthu oisamalira, mainjiniya amathera nthawi kufufuza ngati cholakwika chili mu pulogalamu kapena mu mayeso. Mbali ina kuli SQLite, ka database kamene kali mu foni ya Android iliyonse kuphatikiza za makalaliki ako. Eni ake amati code yoyesera ndi yochuluka pafupifupi ka 590 kuposa code ya SQLite yeniyeniyo, amayesa mpaka magetsi kuzima pakati polemba ndi memory kutha. Ntchito ya zaka zoposa 20 imeneyo, pa kapulogalamu kakang'ono kochita chinthu chimodzi, ndipo zolakwika zimapezekabe apo ndi apo. Nde munthu akakuuza kuti anyamata awiri a ku Ulónguè atsimikize kuti mulibe cholakwika chilichonse pa ndalama yomweyo, umuuze nkhani ya 590 imeneyi.

Chimene ndikanachita ine ndi kupempha kuti mzere uja ulembedwenso ndi zinthu zoyezeka. Mwachitsanzo database ikhale ndi alimi 100,000 ndi malonda a zaka zitatu, sisitema inyamule ma request mwakuti pa sekondi kwa ola lathunthu, 95 mwa 100 aliwonse ayankhidwe pasanathe masekondi awiri, malonda otumizidwa kawiri alembedwe kamodzi, ndipo mbali ya M-Pesa, e-Mola ndi SMS iyesedwa ndi zonamizira kuphatikiza malipiro enieni ochepa. Pamenepo 100,000 wawo akuonekabe pa pepala, abwana sachita manyazi kwa opereka ndalama, iwenso wasayina chinthu choti ungachionetse. Pa mtengo uwerengere seva yachiwiri mwezi umodzi kapena iwiri, maola a makina a load test, ndi masabata angapo a ntchito ya munthu mmodzi, chachitatuchi ndicho chachikulu ndipo uchilembe padera aone. Akaumirira 100,000 nthawi imodzi zenizeni, zimatheka, koma uwapatse mtengo wake padera, chifukwa kuti mayeso amenewo apambane ufunika maseva ndi database zazikulu zomwe sadzazigwiritsanso ntchito. Ambiri akaona nambala amabwerera okha.

Nangozo_QA:

Ndikugwirizana nazo, ndingoonjeza kuti data yonamizirayo ikhale yonamiziradi. Osatenga mayina, manambala a foni ndi ma BI a alimi enieni kukaika pa seva yoyesera, maseva oyesera ndi amene anthu amaiwala kutseka. Komanso manambala a foni onamizirawo asakhale oti angafanane ndi a anthu enieni, tsiku lina wina adzaiwala kuloza ku kaseva konamizira kaja, anthu osadziwa kanthu ku Mutarara nkuyamba kulandira SMS yoti mwagulitsa soya makilo 400.

Ndipo mu data imeneyo muikemo zonyansa dala. Alimi awiri a dzina limodzi mudzi umodzi, kwathu a Banda ndi a Phiri ndi osawerengeka, mlimi wopanda foni amene amalandirira pa nambala ya mwana wake, nambala imodzi ya anthu atatu, foni ya kalaliki imene deti yake inabwerera ku 1970 batire itatha. Data yoyera bwino imapambana mayeso aliwonse.

Mphwanu_wa_Ulongue:

Zikomo nonse, a Madala, achemwali, achimwene, ngakhale a Shapa_100 kkkk mfundo ya mafoni a makalaliki ndaitenga. Mnzanga wawerenga zonsezi, za lipoti labodza wasiya. Tilemba kalata yopempha kusintha mzere uja sabata ino. Funso lomaliza kwa achimwene a Matundo, Locust ndingaiyendetse pa laputopu yanga kuno ndi intaneti ya modem kapena mpaka cloud?

Matundo_Dev:

Polemba script ndi kuyesa anthu 10 kapena 20 laputopu ili bho. Koma load test yeniyeni ayi, udzakhala ukuyeza modem yako osati seva, manambala onse adzaoneka oipa ndipo megas adzatha usanaphunzire kanthu. Bwereka makina amodzi pa cloud dera lomwe kuli seva yako, uyendetsere pamenepo, iwe uzingoona ma graph pa browser. Yamba ndi 50, kenako 200, kenako 1,000, uku ukuyang'ana CPU ya seva ndi slow query log ya database. Uonenso CPU ya makina otumizawo, akadzaza iwo ndi amene akuchedwa osati seva yako, pamenepo mpamene umaonjezera achiwiri. Ikagwa koyamba utitumizire screenshot kuno, ine ndikubetcha kuti ndi index pa tebulo la malonda.